Zimbale za Chaka Chino ndi Memore ya a Nyoni

Lachiwiri, 30 Disembala. Kwatentha, ndipo mtima wanga sunazizirebe.

Lero pa benchi yanga ku Golomoti, pomwe ndimaikira anthu nyimbo m'mafoni, ndamaliza kusanja zimbale za chaka chino za nyimbo zakunja za magitala monga ndazikondera. Za pop-punk zambiri zili ngati thobwa lochuluka shuga, kukoma kamodzi basi. Za emo ziwiri zokha ndizo zandigwira mtima. Nambala wani ndi cha metalcore, chaphokoso kuposa zonse, cha mtsikana wokuwa mpaka mawu kusasa.

Ndiye ndapalamula. A Nyoni, mkulu wa mpingo wathu, anasiya memore khadi yawo kuti ndiwaikire nyimbo za kwaya, ine n'kusokoneza n'kuwaikira chimbale chimenecho. Chakaphulika pa sipika ku tchalitchi anthu akukonzekera nyimbo za chaka chatsopano. Akuti amayi awiri anathawira panja.

A Nyoni anabwera thukuta lili kamukamu. "Iwe Tadala, zasatana izi wazitenga kuti? Ufufute zonse, apo ayi ku kwaya usadzapondekonso."

Ndawapepesa, ndawaikira zawo. Koma kufufuta ndakana. Ndati, "Bambo, mawu ake mwawamva? Akulira mayi ake ameneyu."

Amayi anga atamwalira mu Epulo, a mpingo anaimba masiku awiri n'kubalalika. Ine ndinatsala ndi mfuu yondikanirira pachifuwa. Mtsikana ameneyu ndiye ankandikuwira m'makutu tsiku lililonse ndikamapalasa njinga kuchokera ku Mua, mpaka ndinayambanso kudya.

Lamlungu ndipita ku tchalitchi, ndikakhala kutsogolo kwenikweni. Ngati akufuna kundichotsa, akanene pamaso pa onse amene anaimba pa maliro aja. Koma nambala wani sasintha, ngakhale atabwera ndi abusa omwe...