Teni koloko ya adadi

Lolemba, 10 Febuluwale

Kwacha kotentha kale. Akhwangwala akulira padenga ngati munthu wodwala m'mimba, galimoto ya zinyalala ikugubuduza mabini.

Ndalakwitsa. Adadi anandipeza m'galaji pa seva yanga, kompyuta yakale imene ndimayendetserapo gemu. Anafunsa kuti mizere yokwera ndi kutsikayo ndi chiyani. Ndinati ndi galafu, imaonetsa nthawi imene seva ikugwira ntchito kwambiri. Mpaka ndinawaonetsa pakona pamene umasankha: maola sikisi apitawo, sabata, mwezi. Ndinkangofuna andiyamikire. Iwo: “Undiikire pa laputopu yanga.”

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Asankha sabata. Tsiku lililonse phiri pa teni koloko m'mawa.

“Zondiwe, teni koloko umakhala kuti?”

Kusukulu, ndinatero. Gemu ndimayamba folo koloko ndikaweruka.

Nkhani ndi iyi. Laputopu yawo ikadali pa nthawi ya ku Malawi. Anakana kusintha chibwerereni kuno kunja, kumene tili patsogolo ndi maola sikisi, akuti kuti asamadzutse abale ndi foni. Galafu imatsatira wotchi ya laputopuyo, ndiye folo koloko ya kuno ikuoneka ngati teni. Ndinayamba kufotokoza.

“Ukuti wotchi yanga ikunama?”

Ayi adadi.

“Ndiye ukunama ndiwe.”

Chigamulo: Lachisanu akaonana ndi aphunzitsi, kenako seva ipita kwa ankolo Jabez, mnzawo wa ku depoti ku Kewdale, azikaonerapo mpira. Pakali pano ikhale yoyaka ngati umboni. Ine osaikhudza.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Galafu ili fulati lero, palibe phiri. Adadi: “Waona? Wayamba kupita kusukulu.”

Lachinayi, 13 Febuluwale

Amami abwera kuchokera ku shifiti ku Midland, ndinawafotokozera akuvula nsapato. Anati bambo ako sumawauza kuti alakwitsa, umangowaimika pafupi ndi cholakwacho.

Tikudya madzulo anayamba. “Bambo a Zondiwe, tandionetsani umboniwo. Koma ine za sabata sindingazimve, ikani za panopa.”

Adadi anasankha mphindi zisanu zapitazo, monyadira, ndi chala chimodzi. Pansi pa galafu palembedwa kuti ndi masana. Anayang'ana pa zenera, dzuwa likulowa. Anayang'ana pa sikirini. Pa zenera kachiwiri.

“Kodi tikudya nkhomaliro?” amami anafunsa, nkhope ili phee.

Adadi anatsokomola. Akuti makinawa ali ndi khalidwe, sanaiwale kwawo ngati ana ena. Ndinaluma supuni kuti ndisaseke.

Koma sanatseke laputopu. Pofuna kupeza mlandu wina anasankha mwezi wonse, kenako miyezi itatu. Analoza kamzere kapansi kamene sikakwera konse.

“Nanga aka?”

Ndinati ndi chiwerengero cha osewera.

“Kali pa wani.”

Eya.

“Miyezi yonseyi?”

Ndinati gemuyo imakoma ngakhale uli wekha. Adadi anatseka laputopu. Ndikanakonda akanangondikalipira za kujomba.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Adadi kusukulu sanabwere. Anaimba foni, ndinawamva m'mawa akuuza aphunzitsi kuti nkhaniyo aithetsa okha ngati kholo.

Za seva sananene kanthu. Ndaipukuta fumbi, mwina ndi kutsanzikana.

Madzulo galimoto yalowa. Atsika adadi. Atsika ankolo Jabez, ndinati adzatenga seva, koma m'manja anali ndi mabotolo a zakumwa basi. Kumbuyo kwatsika mwana wawo Kunda, wa kalasi yotsatira yanga, laputopu kukhwapa, nkhope ya munthu amene wakokedwa.

Adadi anatitsegulira galaji. “Lowani. Ndikhala ndikuyang'ana pa galafu.”

Kunda wafunsa pasiwedi.