Za Liwiro la Chigubu ndi Nyimbo za Mayi Mhango

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA KALABU YA ULUSI WOSAONEKA

Tsiku: Loweruka, 15 Malichi 2025
Malo: Garaja ya a Msiska, Area 13
Opezeka: Bambo Orton Msiska (Wapampando), Mayi Dinah Mhango (wopalasa makina), Wiza Kayira (woona za sayansi), Bambo Nebert Chimkono, Evelina Kachere (Mlembi)
Wosapezeka: Shafiq Mdala. Anapepesa kuti alibe womusiyira sitolo ku Msika wa Lilongwe.

1. Kutsegula

A Chimkono anatsegula ndi pemphero, lomwe linafika mpaka ku Karonga lisanabwerere ku garaja.

2. Lipoti la ulusi

Wiza anakumbutsa komiti mmene kalabu imapotera nanofaiba, ulusi wopyapyala kuposa wa kangaude. Anati pulasitiki wosungunula amathiridwa mu jakisoni, magetsi amphamvu ochokera ku batire amakoka kadontho ka pansonga n'kukhala ulusi, ndipo ulusiwo umakagwera pa chigubu chozungulira n'kupanga kansalu. Chipsereni mota chaka chatha, chigubucho chimayendetsedwa ndi makina osokera opalasa ndi mapazi, ndipo opalasa ndi Mayi Mhango.

Anafotokoza kuti chigubu chikamathamanga, ulusi umagona mbali imodzi ngati mizere ya m'munda. Kansalu kotere ukakakoka motsata ulusi sikaduka msanga, ngakhale kuti ukakakoka chopingasa kamang'ambika mosavuta. Chigubu chikamayenda mwaulesi, ulusi umangopiringizana. Kansalu kopiringizana kamasefa bwino, koma kalabu inalonjeza kukaonetsa kolunjika pa chionetsero cha sayansi ku City Centre mwezi wa Meyi. Wiza anati kuyambira Januwale, kansalu kalikonse kakutuluka kopiringizana.

A Chimkono anati vuto ndi chinyezi cha dzinja. Wiza anayankha kuti chinyezi chimabweretsa timibulu pa ulusi, sichiukhotetsa. A Chimkono anati iwo anaphunzitsa sayansi Wiza asanabadwe. Komiti inavomereza kuti zonse ziwiri ndi zoona.

3. Ganizo la Wapampando

Wapampando anati, mopanda kunyoza munthu, mwina nthawi yakwana yoti Mayi Mhango apume pa makina, apalase wina wa miyendo yatsopano. Ananena zimenezi akuyang'ana kudenga. Mlembi akufuna zidziwike kuti ganizoli silinamusangalatse ngakhale pang'ono.

Mayi Mhango anati miyendo yawo ilibe vuto, inakwera masitepe a ku ofesi za boma mpaka tsiku lopuma ntchito. Wiza anapempha kulankhula. Anati iye waona kuti Mayi Mhango amapalasa motsata nyimbo imene akuimba. Kale ankaimba makorasi othamanga, chigubu n'kumachita kulira. Masiku ano akuimba nyimbo za m'buku zokoka, ndipo mapazi akutsatira. "Pepani amama," anatero, "koma sipidi yanu ili m'kamwa, osati m'miyendo."

Anthu anaseka, Mayi Mhango nawonso anaseka. Kenako anapempha kuti mawu awo alembedwe monga awanenera:

"Mwana uyu sakunama. Koma korasi, a Wapampando, saimba munthu mmodzi. Wina amayambitsa, wina amavomera. Malemu amuna anga ankakhala pa kireti apo, nyuzi m'manja, n'kumandivomera ndi besi. Chiwaikireni mu Disembala, ndikayambitsa korasi ndimafika poti wina avomere, ndiye pamangoti zii, phazi n'kuima. N'chifukwa chake ndinasankha zoimba ndekha. Mukandichotsa sindikana, koma kunyumba kulinso zii. Kuno kokha ndiko ndimatulutsa mawu."

Zinatimvetsa chisoni, komanso manyazi, poti tonse tinali kumaliroko koma palibe anaganiza za kireti ija.

Wapampando anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Anati akubweza ganizo lawo, ndipo lisalembedwe. Mlembi anawauza kuti lalembedwa kale.

Chigamulo: Mayi Mhango apitirize kupalasa. Tsiku lililonse lopota ulusi pazikhala membala mmodzi wovomera nyimbo.

4. Zina ndi zina

A Chimkono anati chigamulo chosayesa ndi mphekesera chabe. Wiza anadzaza jakisoni n'kulumikiza batire, atachenjeza aliyense kuti asayandikire waya. Wapampando anakokera kireti pafupi ndi makina n'kukhalapo, jekete ili pamaondo. Mayi Mhango anaika mapazi pa chopalasira n'kuyambitsa korasi. Atafika pamalo paja povomera, Wapampando analowa ndi besi yosalongosoka kwenikweni, ndipo phazi silinaime.

Zomwe zinachitika pambuyo pake sizinalembedwe, chifukwa Mlembi nayenso anali kuvomera.

5. Msonkhano wotsatira

Loweruka, 12 Epulo 2025, pamalo omwewo.

6. Kutseka

Msonkhano unatha cha m'ma 5 koloko madzulo, chigubu chikadali kuzungulira.

Wapampando: Orton Msiska ....................

Mlembi: Evelina Kachere ....................