Pepala Limene Anamatula Pansi pa Mapazi Anu

Amayi anga, kumeneko mukudzuka bwanji?

Ife kuno ku Lobi tilipo, kungoti chisanu cha chaka chino chalowa mpaka m'mafupa. Nyemba za kudimba kwanu zinabereka bwino, koma chimanga cha kumtunda tinagawana ndi anyani, ndipo iwo ndi amene anatenga chambiri. Mbuzi yanu yamakani ija sinasinthe. Dzulo yadya mpango wanga wa kutchalitchi, ndipo inkandiyang'ana ngati wolakwa ndine.

Munandisiya ndili ndi pakati. Anabadwa mwana wamwamuna, mphuno yanu yeniyeni. Pakhomo pano takhala tikungomutchula kuti Mlendo, chifukwa za dzina lake la ubatizo sitinkamvana ndi bambo ake. Nkhani imeneyi ndi imene yandikhazika pansi kuti ndikulembereni.

Ansembe analengeza kuti nyumba yosungiramo zosema ija ya ku mishoni aitsegula kuti aliyense akaone. Loweruka ndinasambitsa Tereza ndi Yosefe, n'kubereka khanda. Bambo a Tereza anaima pakhomo n'kunena kuti, "Kumeneko kuli ntchito za achimwene ako. Ukukafunako chiyani? Ukufuna tonse tikawatsatire?" Ndinawayankha kuti ana akukaona mitengo, ndipo sindinamvepo kuti mtengo unamangitsa munthu. Ndinawanamiza, amayi. Ndinkadziwa chimene ndikutsata.

Patha zaka zinayi chiwatengereni achimwene a Damiyano. Mlandu wake mukuudziwa: anakulunga sompho wawo m'nyuzipepala imene inali ndi nkhope ya mwini dziko, wina n'kukanena. Galimoto inabwera, ndipo mpaka lero sitidziwa ngati ali moyo. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi inu. Inu amene munkayankha aliyense wokuletsani kulankhula kuti, "Pakamwa pano m'panga, sindinabwereke," munatseka pakamwa pomwepo poopa kuti zidzukulu zingabwereze dzinalo kusukulu. Mwana wobereka nokha munamwalira mukumutchula kuti "ujayu." Tereza wafika zaka zisanu ndi chimodzi osadziwa kuti ali ndi amalume.

M'nyumbamo mukanaseka. Munali mikango ya m'bawa, amayi osenza mitsuko, ndi atumwi khumi ndi awiri akudya pamphasa. Yosefe anabisala m'chitenje changa ataona ng'ona, kenaka atalimba mtima anakaifunsa ngati imaluma. Tereza anafuna kudziwa chifukwa chake Yesu wa pamtanda ali ndi mapazi ong'aluka ngati a bambo ake. Wosunga makiyi, a Chimphepo, mkulu wofatsa uja, ankangotitsata pambuyo n'kumati, "Ana inu, zoona ndi maso izi. Manja kumbuyo."

Pakona ya kumapeto tinakupezani. Muli chikhalire chotambalala, lichero pamiyendo, mukupeta nyemba. Mphini za pamasaya zili pomwepo, ngakhale chala chanu chopindika chija chimene munsi unaphwanya. Ndikukumbuka mmene munkakalipira achimwene masiku amene ankakusemani: "Fulumira iwe, nyembazi sizidziphika zokha."

Tereza sanafunse munthu. Anagwada monga munamuphunzitsira, anawomba m'manja n'kuti, "Agogo, mwaswera bwanji?" Kenaka anatulutsa mbatata yootcha imene ndinamupatsa ya panjira n'kuika m'lichero mwanu, poti munkamuuza kuti kwa akulu sapita chimanjamanja. A Chimphepo anatsegula pakamwa kuti amuletse, koma anangoyang'ana kudenga.

Zosema zina zonse zinali ndi kapepala ka dzina la wosema. Pansi pa mapazi anu panangotsala chipsera cha guluu. Kapepala kameneko ndinakawerenga ndi maso angawa kale, tili limodzi ndi inu. Tereza waphunzira zilembo, ndiye anafunsa kuti, "Nanga agogowa anawasema ndani?"

"Wosema sadziwika, mwanawe," anatero a Chimphepo, mawu ali pansipansi. Ndinaona chimene ankaopa. Pafupi ndi chitseko panali a Kamwendo, apampando a chipani m'dera lathu, nawonso atabwera kudzaona.

Amayi, ndinaopa. Koma ndinayang'ana nkhope yanu, yosemedwa pakamwa pali potsegula pang'ono, ngati mukufuna kukalipa, ndipo ndinapsa mtima. Ndinati, "Akudziwika. Anasema ndi amalume ako, a Damiyano, mwana woyamba wa agogo akowa. M'bawa umenewu anaudula kuseri kwa dimba lathu, ndipo ndinawathandiza kusenza ndine." Sindinanong'one. Yosefe, amene amabwereza chilichonse, anayamba kulumpha akuimba "amalume a Damiyano" nyumba yonse kumva. Sindinamutseke pakamwa.

A Kamwendo anandiyandikira n'kuti, "Mayi, mukuwaphunzitsa zotani anawa?" Ndinati, "Ndikuwaphunzitsa abale awo, bambo. Inu a kwanu simuwadziwa?" Anatembenuka n'kutuluka. Potuluka ife, a Chimphepo ananditsina khutu kuti kapepalako sanakataye, kali m'buku lawo la mapemphero. Mbatata ija anaisiya m'lichero.

Lolemba kunabwera uthenga woti Lachisanu ndikaonekere kwa apampando. Bambo a Tereza sakudya. Sindikuwanyoza, ndi munthu wabwino, ndipo mantha awo ndi omwe ndili nawo inenso. Ndikaganiza za khanda loyamwali mtima umandithawa. Ndauza mng'ono wanga Marita kumene ndimasunga mbewu ya nyemba, ndi kuti Yosefe sagona popanda kumukanda kumsana, kuti mwina Lachisanulo ndingachedwe kubwerako. Ndikapita, ndikagwada monga mwa ulemu, khadi ya chipani ndikaonetsa. Koma akandiuza kuti ndinene kuti ndinalibe mchimwene, ayembekeza mpaka atatopa.

Ubatizo unayenera kukhala Lamlungu. Ndinapita kwa ansembe kukapempha kuti uchitike Lachinayi m'mawa, ndisanapite kwa a Kamwendo, ndipo avomera. Atandifunsa dzina la mwana, bambo ake analitchula okha, ine ndisanatsegule pakamwa.

Ndiye mukamva kumeneko wina akuitana Damiyano kuti adzadye, musadzidzimuke, ndi ine ndikuitana mdzukulu wanu. Dzinali ndidzaliitana m'mawa ndi masana, pachitsime ndi pamsika, ndipo ndikapanda kukhalapo adzaliitana Tereza. Akadzayamba kuyenda ndidzabwera naye kudzakugwadirani pakona paja, ndikulonjeza. La papepala anamatula. Ili amatule tione.

Ngati achimwene ali kumeneko ndi inu, muwatchule dzina lawo mokweza, amayi. Kumeneko kulibe apampando.

Ndine mwana wanu wokukondani ndi wokusowani,
Rozina