Ndimalumikiza makompyuta ndi maso a mayi a kunyumba

Aphungu,

Ndiye abwana anga a Herbert angoti, "Mphwanga, Lolemba ukagwira wekha ku Chirimba, makompyuta a sukulu yonse alumikizane." Ine n'kuseka, n'kungovomera.

Kunena zoona, pa makebulo a netiweki Ndirande yonse imandivulira chipewa. Ndikakhoma waya pakhoma amawongoka moti makoswe amachita manyazi kumuluma. Koma m'kati mwa kebulo muli timawaya eyiti tamitundumitundu, tofunika kutisanja mwadongosolo musanapanire kamutu kolowetsa m'kompyuta. Maso angawa girini, bulawuni ndi olenji amaziona ngati ana a mayi mmodzi. Ndiye ndimakayeza kaye pamalo pantchitopo, makebulo n'kukadulira kunyumba. Akazi anga a Petronela amasanja timawayato, ine n'kumangopanira. Ntchito yathu siinabwezedwepo, ndipo abwana amati ndili ndi maso a mphamba!

Tsono ku Chirimbako waya akadutsa m'mapaipi, timitu n'topanira pompo. A Petronela akuti, "Bambo a Mwabi, mundigulire ovolosi tipitire limodzi, apo ayi mukasanja ndi pemphero." Ndikaulula, abwana angandichotse ntchito. Ndikapita ndekha, palibe kompyuta ikayankhule ndi inzake. Nditani ine katswiri?

F.J., Ndirande


A F.J.,

M'nyumba mwanumo muli akatswiri awiri, kungoti wodzitama ndi mmodzi. Musadzione ngati wolodzedwa. Alipo ambiri obadwa osasiyanitsa mitundu ina, makamaka amuna. Pitani kuchipatala cha maso akakuyezeni, mudziwe mitundu yomwe imakuzembani.

Abwana anu muwauze Lolemba lisanafike, osati makompyuta atakana kale. Akumbutseni ntchito zomwe akhala akuziyamikira, muwauze kuti zinadutsa m'manja anayi, kenako mupemphe kuti a Petronela apite nanu ngati wantchito wolandira zakezake. Angadzume pang'ono, koma sindikuona bwana akutaya anthu amene makasitomala sanawadandaulepo. Mupemphenso tesita, kebulo iliyonse muziiyesa musanachoke pamalopo. Kuboola khoma ndi kukoka waya zikhale zanu, kusanja musiyire mayiwo. Ovolosi muwagulire yowakwana.

Koma samalani pakamwa panupo. Mukakafika pasukulupo musakauze aphunzitsi kuti awa ndi ongondinyamulira chikwama. Mukatero a Petronela adzakusiyani pamakwerero n'kukapempha ntchito kwa a Herbert paokha, ndipo adzaipeza.

Aphungu