Mtanda Wanga Ukufulumira

Lolemba, 8 Juni

Kompyuta yandiukira. Ntchito yanga yomalizira maphunziro ndi yoti kompyuta ilosere mmene mtanda wachitsulo umanjenjemerera ukaupanikiza kumapeto konse kuwiri. Mu labu tikaupana ndi jeke n'kuumenya ndi hamala, umanjenjemera mwaulesi. Wa mu kompyuta yanga ukuchita kufulumira! A Magalasi, aphunzitsi ondiyang'anira, angoti, "Zikapanda kugwirizana pofika Lachisanu, tidzaonana chaka chamawa."

Chaka china pa benchi lomwelija? Ine ayi.

Lachiwiri, 9 Juni

Ndawerengetsanso chilichonse, kulemera kwa chitsulo, kutalika, makulidwe. Zonse zili bwino, yankho ndi lokhota lomwelo. Amayi akuti, "Chitsulocho ngati chikunjenjemera, chifunditse bulangete." Ndaseka ndithu, ngakhale mtima uli m'mwamba.

Lachitatu, 10 Juni

Palibe. Mutu waima.

Lachinayi, 11 Juni

Achimwene anakhala pakhonde masana ndi gitala wawo wadzimbiri uja, kwii kwii m'makutu mwanga. Ndinatuluka kuti ndikawathire mawu. Ndinawapeza akukunga nsambo, ndipo akamakunga, kaliwu kamakwera. Ndinangoti chilili, maso pa nsamboyo.

Chokokedwa chimanjenjemera mofulumira. Ndiye kuti kompyuta ikuyesa kuti mtandawo ndikuukoka! Pulogalamuyi ikaona nambala yopanda chizindikiro imati n'kukoka, kupanikiza kumafuna kachizindikiro kochotsera. M'kalasi tinazolowera kulemba mosemphana ndi zimenezo.

Ndakaika kamzere kamodzi kokha, manambala ayamba kutsika bwinobwino. Ndinathamanga kukawakumbatira achimwene. Akuti, "Iwe wapenga? Nyimboyo sindinaiyambe n'komwe."

Mawa. Mantha alipo, koma njala yabwerera.

Lachisanu, 12 Juni

A Magalasi sanafune n'kuona komwe zimene ndinasindikiza. Anagwira jeke okha, n'kupana mtanda kufika pamene sitinayesepo chiyambire.

"Musanamenye, ndiuzeni kompyuta yanu ikuti chiyani."

Ndinalowetsa nambala ya mphamvu ya jekeyo mu kompyuta, ndinawerenga yankho mokweza. Kenako khoo! ndi hamala. Nambala ya pa makina oyezera inabwera pafupi penipeni ndi yanga. Anapananso. Ndinaloseranso. Yagwirizananso.

Sananene kuti ndakhoza, aphunzitsi aja satero. Anangovula jekete, n'kukoka mpando kudzakhala pambali panga.

"Tabweretsani hamalayo, ainjiniya, nane ndimenyeko."