Alamu asiya miyezo ya makasitomala anga pabwalo

Aphungu,

Ndimasoka zovala za amayi kuno ku Mangochi, makamaka za Idi ndi za ukwati. Chaka chatha alamu anga a Shafi, akulu awo a amuna anga, adandipangira webusaiti mwaulere. Mayi amalemba yekha pafoni miyezo yake, ya chifuwa, ya chiuno ndi ya kumbuyoku, ine n'kuyamba kudula nsalu. Adandifotokozera kuti pali makompyuta awiri: geti lolandira anthu pa intaneti, ndi seva yosunga zonse zimene amalemba.

Sabata yatha ndidangoona a Shafi aponya pasiwedi, mawu achinsinsi olowera mu seva ija, pagulu la banja la pa Watsapu, momwe muli ndi abale a ku Joni omwe. Nditawafunsa adati, "Alamu, ndikadwala mudzathandizidwa ndi ndani?" Adawonjezanso monyadira kuti sevayo adaisiya yotsegula kuti aziikonza ali ku Namwera kogula chimanga. Ndidati, "Ndiye aliyense angathe kulowa?" Iwo adangoseka: "Angafune chiuno cha a Abiba ndani?"

Aphungu, a Abibawo ndi apongozi anga, ndipo muyezo wawo adandiuza monong'ona atatseka chitseko, ine n'kuulemba m'sevamo. Momwemo muli miyezo ya akazi a mashehe, muli ndi ya akwatibwi. Ikatuluka, palibe adzapondenso pashopu yanga. Ndili ndi mantha. Koma alamuwa adandithandiza ndi mtima umodzi, ndipo sachedwa kunyanyala. Ndichite bwanji?

D.S., Mangochi

Mayi D.S.,

Mantha anuwo ndi oyenera. Alamu anu ndi munthu wabwino, kungoti ayendetsa seva ngati nyumba ya pa Idi, aliyense alowe adye.

Pasiwedi ija yafa. Kufufuta uthenga pagulu sikuthandiza, anthu adauona kale. Muisinthe lero lomwe, ikhale yaitali, osati dzina la mwana wanu kapena la shopu. Yatsopanoyo ikhale m'fayilo ya makonzedwe a geti, pamalo pomwe alendo a pa webusaiti sangafike. Nkhawa ya a Shafi yakuti angadwale ndi yomveka. Yankho lake ndi inuyo, mwini shopu, kusunga pasiwediyo, osati fuko lonse.

Kenaka seva itsekedwe. A Shafi aikonze kuti izimvera adiresi ya geti lanu lokha, ena onse iziwakana. Akafuna kuikonza ali ku Namwera, alowe kudzera njira yotetezedwa ya SSH ndi kiyi yawoyawo. Ndikuganizanso kuti getilo limalowa mu seva ndi akaunti yaikulu yotha kufufuta chilichonse. Alipangire akaunti yakeyake, yongolemba ndi kuwerenga maoda basi. Telala wothandiza mumampatsa sizasi, simumpatsa makiyi a kuchipinda kwanu.

Zodutsa pakati pa geti ndi seva zizipita zobisika. Auzeni ayatse TLS, njira yobisira uthengawo, ndipo geti lizitsimikiza kaye satifiketi ya seva lisanapereke pasiwedi. Asaiwale kukopera miyezoyo pena, mwina wina angadzafufute zonse Idi ili pafupi.

Polankhula nawo musapite ngati wapolisi. Aphikireni mpunga ndi chambo, amuna anu alipo, muwathokoze kaye. Mukatero muwauze kuti shopu yakula chifukwa cha iwo, tsono ikufunika loko wolingana nayo. Anthu ngati a Shafi amakonda kupatsidwa ntchito yapamwamba kuposa kuuzidwa kuti adalakwitsa.

Chenjezo langa ndi ili: aone m'kaundula wa seva ngati adiresi yachilendo idalowamo. Ngati idalowa, makasitomala muwauze nokha asanamve kumsika. Ndipo alamu anu akadzafunsanso kuti angafune chiuno cha a Abiba ndani, muwapatse foni awaimbire amayi awowo, awauze okha kuti muyezo wawo uli pabwalo. Sevayo itsekedwa tsiku lomwelo.

Aphungu