Jamu wa Manachesi a ku Ligowe

Lolemba, 2 Juni 2025

Manachesi ali mbwee pansi, ena ayamba kale kununkha. Mitengo khumi ndi inayi imene anatisiyira malemu amayi. Mavenda safika, akuti msewu wathu umathyola galimoto. Achimwene a Limbani anaimba foni kuchokera ku Mwanza: "Zikawolanso chaka chino, tidula tibzalepo chimanga." Ndaphika jamu monga tinkachitira kubekale ya ku Limbe ntchito isanandithere. Mabotolo asanu ndi limodzi. Ndalawa ndekha, choimirira.

Lachinayi, 5 Juni

Msonkhano wa kalabu ya alimi. Ndinapempha mpata. Ndinati tisonkhe zipatso, tiphikire pamodzi, tizikagulitsa ku boma ndi ku Lisungwi. A Dailesi, apampando athu: "Eti a Prisca, mwatibweretsera za m'tauni? Kuno buledi timadya pa Khirisimasi." Phwete anthu onse. Botolo linazungulira bwalo lonse osatsegulidwa, n'kubwerera m'manja mwanga litafunda. Pobwerera ndinkayenda pambuyo pawo. Palibe amene anacheuka.

Lamulungu, 8 Juni

Kutchalitchi moni basi. Potuluka wina ananong'ona kuti "amayi a jamu." Masana ndinakazula udzu pamanda a amayi, ndinawauza zonse. Mphepo ya mwera, chisanu mpaka m'mafupa. Nyumbayi imakula ukakhalamo wekha.

Lachitatu, 11 Juni

Ku boma pa njinga yamoto, mabotolo m'chitenje, ndawafungatira ngati khanda. Magolosale atatu. Koyamba akuti popanda chizindikiro chovomerezeka sangaike pa shelefu. Apo ndamva, ali ndi mfundo. Kwachiwiri abwana kulibe, koma ndinawaona akudya chinangwa kuseri. Kwachitatu: "Pitani, tikuimbirani." Nambala yanga osafunsa n'komwe.

Shuga watsala pang'ono. Wogulira wina sindikumuona.

Lachisanu, 20 Juni

Masiku onsewa osalemba. Sindinadwale ayi. Kungokhala pakhonde, kuonerera nkhumba za aneba zikudya zogwa. Sabata yathunthu osayankhula ndi munthu, kupatula wa kuchigayo.

Lero m'mawa kunabwera bambo wowotcha makala, atumidwa ndi a Limbani kudzaona mitengo. Anagogoda thunthu limodzi ndi chikwanje, ati, "Umenewu wokha, matumba awiri." Mtengo umenewo amayi anaubzala chaka chimene ndinabadwa. Ndinawauza kuti zipatso zisanathe asapondenso pano. Ukali umenewo sindikudziwa kumene ndinautenga. Atangopita ndinasonkha moto. Ndagulitsa tambala, ndagula shuga.

Loweruka, 28 Juni

Lisungwi. Kutentha, fumbi, juzi yanga m'manja. Malo awiri anandibweza ndili pakhomo. Ndinalowa m'tiyirumu ina pafupi ndi msika kuti ndingomwa madzi ndizipita. Eniake mayi Dorica, achikulire, mawu okalipa. Anaona chitenje changa chikulira magalasi: "Kodi mwanyamula mankhwala?" Ndinafotokoza mwachidule, maso pansi, ndikudikira kuseka.

Anatsegula. Anang'amba sikono, anapaka, anatafuna nthawi yaitali. Kenako: "Akuwawa kumapeto. Mwaphikira limodzi ndi njere, eti? Shuganso wachuluka. Wotereyu sindingapatse makasitomala anga." Anapakanso kachiwiri. "Koma fungo lake ndi labwino. Mukakonze, mubwere Lachisanu ndidzalawenso. Sindikulonjeza kanthu."

Njere! Ku Limbe tinkaphika jamu wa mapapaya ndi zinanazi, za njere za manachesi sindinaziganizepo. Mwezi wathunthu ndikunyamula jamu wowawa, ine n'kumati anthu ndi oipa mtima.

Akana nawonso, inde. Koma pa njinga pobwera ndinkangoseka, mpaka wakabaza anafunsa ngati ndili bwinobwino. Ndafika ndasenda dengu lathunthu, ndachotsa njere imodziimodzi ndi nsonga ya mpeni. Zala zikunyerenyesa. Lachisanu latalika bwanji.